Agogo akuti "lomba", buku likuti "tsopano": mwana atsate ziti?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Kapata, muno mu Chipata. Akuti apongozi awo ochokera ku Petauke akukhala nawo pakhomo, ndipo madzulo amaimbira adzukulu nthano za Kalulu m'Chinsenga. Tsono mwana wamkulu wayamba kulemba "manzi" ndi "ng'anda" m'kope la Chinyanja, aphunzitsi n'kumamulembera kuti walakwa. Mayiwa akufunsa ngati n'koyenera kuwapempha agogowo kuti asiye.

Mayi, chonde musawaletse. Aphunzitsi sanalakwe, pakuti Chinyanja cha kusukulu chimafuna "madzi" ndi "nyumba", ndipo mayeso adzafunsa zomwezo. Koma apongozi anunso sanalakwe ngakhale pang'ono. "Manzi" si "madzi" wopotoka ayi, ndi mawu a Chinsenga enieni, monganso "neo" m'malo mwa "ine", "kulya" m'malo mwa "kudya", ndi "lini" uja wokanira. Kalulu akagwidwa pachitsime n'kunena kuti "niziŵa lini", mwana amaseka, ndipo mawuwo amakhazikika m'mutu mwake popanda womukakamiza.

Ndiloleni ndichedwe pa mawu atatu amene ndimawakonda: "tsopano", "lomba" ndi "manje". Onsewa amanena za nthawi ino, ndipo onse mungawamve m'mawa umodzi pamsika wanu wa Kapata. "Tsopano" ndi wa Achewa, ndipo ine khutu langa limamvamo "tsono pano" wofupikitsidwa. "Lomba" ndi wa Ansenga. "Manje" amene achinyamata amayesa kuti ndi wa ku Lusaka ndi mawu a kummwera, Azulu amatero mpaka lero, ndipo palibe angandichotse pa chikhulupiriro chakuti kwathu kuno anafika kale ndi Angoni. Pajatu Angoni anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Angoni a Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anakhala zaka zambiri pakati pa Ansenga, nakwatira akazi a kumeneko. Ana amene anabadwa anatenga chiyankhulo cha amayi awo, ndiye chifukwa chake Mngoni wa kwa Mpezeni lero amayankhula zofanana kwambiri ndi Chinsenga, pamene Chingoni chakale chatsalira m'nyimbo ndi m'mawu otamandira mfumu pa Nc'wala ku Mtenguleni. Amayi amenewo analibe bolodi kapena choko. Anali ndi moto wa madzulo, nyimbo zotonthozera mwana ndi nthano. Mphamvu imene ili ndi apongozi anu ndi yomweyo.

Agogo anga, Mchewa wa cha ku Katete, sankayamba tisanayankhe. Akati "Padangokhala", ife tikuswa nsawa m'lichero, tonse pamodzi "Tili tonse!" Wina akasinza n'kuphonya kuyankha, nthano inkaima pomwepo mpaka adzuke. Ndipo sitinkati kunena nthano, tinkati kuimba nthano, chifukwa pakati pake pankakhala nyimbo yoti tivomereze. Mvekero ndinaiphunzira pamenepo: Fisi kungoti balamanthu, nyama zonse zii, Kalulu liwiro la mtondo wadooka. Mawu otere simungawaloweze pamndandanda. Amafuna nkhope ya woimba nthanoyo, dzanja lake, ndi kutsitsa mawu kuja Njovu ikamayandikira.

Chimene chimandiwawa ine si Chinsenga m'kope la mwana. Ndi nthano zimene ndimamva masiku ano zodzaza ndi "so" ndi "but", Kalulu "anaplana", Fisi "anafila bad". Kubwereka mawu sindikukana, sukulu ndi wailesi tinabwereka ndipo zatikhala. Koma kubwereka "so" pamene tili ndi "tsono", "ndiye" ndi "choncho" n'kutaya dala zathu zomwe. Mwana woleredwa ndi nthano zoterezo sadziwa Chinyanja, sadziwa Chinsenga, ndipo Chingerezi chakenso chimakhala chopunduka.

Chochita chake ndi ichi. Agogo akamaliza, mawa lake muuzeni mwana akuimbireni inu nthano yomweyo m'Chinyanja cha kusukulu. Akafika pa "manzi" musamukalipire, mungomufunsa kuti, "Agogo amati manzi, nanga aphunzitsi amati chiyani?" Adzayankha yekha. Tsiku lina mutembenuze, atenge nkhani ya m'buku lake akawafotokozere agogo m'Chinsenga, iwo amukonze. Mukatero adzazolowera kuti pali mawu a kwa agogo ndi mawu a m'kope, ndipo sadzachita manyazi ndi alionse. Ngati pali anansi ochokera ku Lundazi kapena ku Mambwe, aitaneni madzulo ena, ana amve Kalulu yemweyo akuyankhula Chitumbuka ndi Chikunda.

Za nyimbo za m'kati mwa nthano, zimenezo zisamasuliridwe, ziimbidwe m'Chinsenga momwe apongozi anu anaziphunzirira. Ndipo ngati foni yanu ili ndi malo, muwapemphe mwaulemu muwajambule mawu pamene akuimba.