Kodi chithunzi cha chisankho cha ku Missouri n'choyenera pabalaza?

Mayi wina wandilembera imelo. Akufuna kupachika pabalaza chithunzi chojambula ndi utoto chotchedwa The County Election, choonetsa tsiku la chisankho ku Missouri, dera la ku America, koma amuna awo akukana, akuti n'cha zidakwa ndipo chiwachititsa manyazi pamaso pa alendo.

Mayi, bambowo sananame. Kumanzere kwa chithunzichi kuli munthu wakuda akuthirira mzungu chakumwa, ndipo chapafupi pali wina woledzereratu, mnzake akuchita kumugwiriza kuti akafike poponyera voti. Komabe ine ndikuti chipachikeni.

Anachijambula mu 1852 ndi George Caleb Bingham, yemwe ndale za ku Missouri anazilawa yekha. Mu 1846 anapambana mpando wa nyumba ya malamulo ya kumeneko ndi mavoti atatu okha, wopikisana naye anadandaula, mpando n'kumulanda. Anadzautenga mu 1848. N'chifukwa chake chithunzichi sichikometsera kanthu.

Tachiyang'anitsitsani. Nthawi imeneyo ku Missouri voti inalibe chinsinsi: munthu ankakwera pakhonde la khoti, n'kulumbira, n'kutchula mokweza dzina la amene akumufuna, alembi akulemba, khamu lonse likumva. Mmodzi wa opikisana pachisankhocho waima pomwepo, wanyamula chipewa mwaulemu, akupereka kakhadi kwa wovota. Pansi tiana tiwiri tikusewera ndi mpeni. Pa kansalu pali mawu onena kuti chifuniro cha anthu ndiye lamulo lalikulu, chonsecho m'khamumo mulibe mkazi ngakhale mmodzi, ndipo wakuda uja sakanaloledwa kuvota, pakuti Missouri linali dera la ukapolo. Zimenezi zimandikhudza mtima, ndipo ndingakonde ana anu aziziona n'kumafunsa.

Musagule chaching'ono. Chenichenicho, chomwe chili ku nyumba yosungira zojambulajambula ya Saint Louis Art Museum, n'chamasentimita pafupifupi 96 choimirira ndi 132 chopingasa, ndipo muli anthu ochuluka zedi. Chikachepa nkhope zimangosanduka timadontho. Chiikeni mufelemu ya thabwa lodera yopanda zokongoletsa, molingana ndi maso a munthu woimirira, pakhoma losawombedwa ndi dzuwa la pazenera kuti chisasuluke.

Khoma likakhala lalikulu, pali zinzake ziwiri za Bingham yemweyo: Stump Speaking, cha msonkhano wokopa anthu, ndi The Verdict of the People, cha kulengeza zotsatira. Chanucho chikhale pakati.