Yankho kwa achemwali ofunsa za textile design ndi ntchito za mafashoni

Achemwali, mwati mwakhoza MSCE, mumakonda kujambula ndi zovala, mukufuna textile design koma kunyumba akuti amenewo ndi maphunziro a utelala ndipo ntchito yake kulibe. Ambiri omwe akuyankhani m'gulu muno angoti "pitani ku TEVETA" basi, ndiye ine ndiwonjezereko poti ndimadya za zomwezi, ndimadinda malaya komanso kukonzera magulu madizaini a zitenje.

Pali ntchito ziwiri zomwe anthu amangoziphatikiza. Wina amatenga nsalu yomwe ilipo kale n'kuganiza kasokedwe, kudula patani, kusoka. Winayo, amene mukufunsa inuyo, ndi amene amapanga maonekedwe a nsaluyo isanafike n'komwe kwa telala. Tengani chitenje cha amayi muchiyale pabedi muchiyang'anitsitse, muona kuti ndi duwa limodzi lomwelo likungobwereza, koma pomwe lathera n'kuyambiranso simungapaloze. Imeneyo timati ripiti, ndipo ambiri odziwa kujambula amagwera pomwepo, chithunzi chokongola papepala koma akachilumikiza pamaoneka mzere. Nsalu zina m'mphepete mwake mumakhala timadontho tamitundumitundu, kadontho kalikonse kakuimira utoto umodzi, ndipo utoto uliwonse umafuna skirini (sefa yodutsitsira utoto pansalu) yakeyake podinda. Ndiye mukajambula dizaini ya mitundu 8 chifukwa mwasangalala, dziwani kuti kasitomala akamva mtengo athawa, pamene mnzanu wapanga yokongola ndi mitundu itatu yokha.

Makolo anuwo sakunama kwenikweni ayi. Ngati mukuganiza zolembedwa ntchito pafakitale n'kumalandira pamwezi, malo ake ndi ochepa zedi. Fakitale yodziwika yodinda nsalu kuno ndi Mapeto David Whitehead ku Blantyre, ija inali m'manja mwa boma mpaka inagulitsidwa mu 2003, ndipo fakitale imodzi singalembe madizayina chaka ndi chaka. Zitenje zambiri mukuziona ku Limbe ndi mu Lilongwe zimabwera zodindadinda kuchokera ku Tanzania, Zambia, China, thonje tikulima ku Chikwawa, Balaka ndi Salima lambiri limangotuluka lisanasanduke nsalu, kwinaku kaunjika wadzaza msika uliwonse. Zimenezo zilipodi.

Koma tawerengani zitenje za oda zomwe mumaziona pachaka. Mpingo ukamachita jubile umafuna nsalu yake, makwaya, amayi a mpingo, zipani nthawi ya kampeni, mabungwe, mabanki, masukulu akamakwanitsa zaka, osanena za Mothers' Day pa 15 October pomwe aliyense amafuna kugulira mayi ake chitenje cholembedwa. Zonsezo pali munthu anakhala pakompyuta n'kujambula, ndipo nthawi zambiri amakhala wa ma poster ndi makadi a ukwati yemwe nsalu saidziwa. N'chifukwa chake mumapeza chitenje choti mayi akamanga m'chiuno chithunzi cha abusa chalowa mkati mopindamo, mawu athera kukhwapa, kapena telala akamadula bulauzi alibe pothawira, mpaka adule logo pakati. Munthu wodziwa kuti chitenje chimamangidwa bwanji, mwana amaberekedwa bwanji kumbuyo, telala amayala bwanji patani, ameneyo ndi amene akusowa, ndipo ntchito imeneyi sailengeza munyuzipepala, imayenda pakamwa, mayi wa komiti ya mpingo uno kuuza mnzake wa mpingo uko. Onjezani za Lachisanu, chiyambire Buy Malawi, kampeni yolimbikitsa kugula zopangidwa kuno, mu 2016 anthu a m'maofesi anazolowera kuvala zachitenje, ndipo ena atopa n'kukumana ndi anzawo atatu ovala nsalu yofanana.

Za sukulu, njira ya TEVETA si yonyozeka, tailoring and fashion design imaphunzitsidwa m'ma technical college ndi ma community college, ndipo ine ndinganene kuti kusoka phunzirani ndithu olo cholinga chanu chili pa nsalu, chifukwa makina ndi amene azikugulirani bandulo ndi ndiwo maoda a dizaini asanayambe kubwera. Ngati mapointi anu ali bwino onaninso ndandanda wa mapulogalamu omwe NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, imatulutsa posankhira ana ku mayunivesite a boma. Masukulu a private nawo alipo ambiri koma musanalipire kafunseni ngati ndi olembetsedwa, kenako pemphani akuonetseni pomwe amanyikira nsalu, maskirini ndi makompyuta. Akakuonetsani makina osokera okhaokha ndi ovaloko (makina omangira m'mphepete mwa nsalu) imodzi pakona, ndiye kuti ndi sukulu ya utelala, zomwe si zoipa, bola mudziwe chomwe mukugula.

Zina simufunika kudikira sukulu. Pa mapulogalamu ojambulira pakompyuta, CorelDraw ndi imene malo ambiri odindira amagwiritsa ntchito, Illustrator ndi Photoshop mudzaziphunzira pang'onopang'ono, ndipo Inkscape ndi yaulere ngati laputopu ilipo yobwereka. Tie and dye ndi batik mutha kuyamba kuseri kwa nyumba ndi ndowa, utoto, sera ndi magolovesi. Kungoti samalani pogula nsalu yoyera, utoto wa thonje sugwira pa polyester, mungochapa kamodzi zonse zapita. Sololani kaulusi m'mphepete mukayatse ndi machesi, thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, polyester imasungunuka n'kuuma kachibulu kolimba.

Akamafuna kukupatsani ntchito palibe amayamba n'kufunsa setifiketi, amati tione zomwe munapangapo. Ndiye chilichonse mwapanga chijambuleni bwino padzuwa, chovalidwa ndi munthu osati chopachika pa waya wa zochapa, muziika pa Facebook ndi pa status. Atachimenti ipempheni pamalo odindira kapena kwa dizayina amene ali ndi shopu, olo akupatseni ya transport yokha, mudzaphunzirako kuwerengera mtengo zomwe m'kalasi amangodutsapo. Madizayina a zovala ngati a Lilly Alfonso aonetsa kuti dzina la Mmalawi litha kumveka mpaka kunja, ndipo Mzuzu Fashion Week yathandiza achinyamata ambiri kuonekera, koma ma show amabweretsa dzina, ndalama ya tsiku ndi tsiku imachokera ku mayunifolomu, zinkhoswe ndi maoda a magulu aja.

Ndipo mukayamba kulandira maoda, dipoziti kaye musanayatse laputopu, olo akhale a mpingo wanu womwe. Pa WhatsApp muzitumiza kachithunzi kakang'ono kolembedwa dzina lanu pakati, fayilo yeniyeni izipita ndalama ikamalizidwa, apo ayi mudzangoiona dizaini yanu itavalidwa ndi gulu lonse pa msonkhano inu osalandirapo kanthu. Ngati muli ndi zojambula kale ponyani ziwiri zitatu m'gulu muno, ndikuuzani ngati zingalumikizike kukhala ripiti.