Nyimbo zake n'zomwezija, nanga alamu akukatsatako chiyani?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe amakhala kuno ku Joni. Dzina lawo ndisunga. Mwachidule akuti: "Bambo a kunyumba kwanga aonera Mafikizolo maulendo 6, ndipo agulanso tikiti ina. Anthu oimbawo ndi awiri omwewo, nyimbo zomwezo, zonse zili m'foni mwawo. Kodi kumeneko kulidi nyimbo, kapena kuli china chimene sindikuuzidwa?"

Achemwali, za chinacho sindingalumbirire munthu. Koma za nyimbozo ndiyankha, pakuti matenda a alamuwo inenso ndili nawo. Awiriwa ndawaonera maulendo 5.

Mafikizolo ndi gulu loimba la kuno ku South Africa. Oimba ake, Theo Kgosinkwe ndi Nhlanhla, amene ambiri tinamudziwa ndi dzina loti Nciza, sanayambe ali awiri. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1997, ndipo m'zaka zimene anatchuka anali atatu, pamodzi ndi Tebogo Madingoane. Tebogo anawomberedwa mu February 2004 pa mkangano wa pamsewu. Otsalawo anapitiriza, kenako kwa zaka zingapo aliyense anayenda yakeyake n'kumatulutsa zimbale payekha. Anabwererana mu 2013, nyimbo ya Khona n'kugwedeza Africa yense, mpaka inapata mphoto ya nyimbo ya chaka pa MTV Africa Music Awards ku Durban mu 2014. Ndafotokoza izi kuti muone anthu amene alamu amakawayang'ana: awiri amene anaika mnzawo m'manda, anasiyana, n'kubwereranso pa siteji imodzi. Zimenezo zimamveka m'kaimbidwe kawo.

Nyimbo ya m'foni inajambulidwa tsiku limodzi, inakonzedwa mu situdiyo, basi inauma. Mukaitsegula lero kapena chaka chamawa, Nhlanhla adzapumira mpweya pamalo omwewo. Pa siteji sizitero. Woimba mmodzi akhoza kubisala kumbuyo kwa bandi, gulu la anthu 10 likhoza kumeza wolakwitsa, koma awiri alibe pothawira. Wina akachedwa kulowa, mnzake ayenera kukoka mawu ake pang'ono kuti amudikire. Wina pakhosi pakauma, mnzake amanyamula mbali yokwera ija popanda kuuzana. Amangoponyerana diso. Ulendo woyamba simuziona zimenezi, mumakhala mukukuwa, foni m'mwamba, kujambula vidiyo yoti simudzaionera n'komwe. Ulendo wachiwiri mumaimba nawo. Kuyambira wachitatu ndi pamene khutu limatseguka, chifukwa nyimboyo mwaidziwa kale ndipo mwayamba kumvetsera chimene chasintha.

Amene munaimbapo kwaya mukundimva. Nyimbo imene mwaiphunzira miyezi itatu imatuluka mosiyana Lamulungu lililonse, ndipo amene amazindikira ndi okhawo osajomba kutchalitchi.

Usiku wina, pa ulendo wanga wachinayi, zokuzira mawu zinazima pakati pa nyimbo ya Ndihamba Nawe. Bandi inangoti zii. Awiriwo sanaime. Anasendera pafupi, n'kupitiriza ndi mawu okhaokha, ife tonse m'holomo n'kuwalandira. Mwina panatha mphindi imodzi yokha magetsi asanabwerere. Mayi wina wachikulire amene anali pambali panga, yemwe sindinamudziwe, anandigwira mkono osausiya mpaka nyimbo inatha. Mphindi imeneyo mulibe m'chimbale chilichonse. Munthu akailawa kamodzi amabwererako kukaisaka, ngakhale akudziwa kuti mwina saipeza.

Ndipo nthawi zina suipezadi. Ulendo wina ndinalipira ndalama zoti zikanagula thumba la ufa ndi ndiwo za sabata, okonza phwando n'kutidikiritsa mpaka pakati pa usiku, oimbawo anangoimba nyimbo zochepa motsatira mawu ojambulidwa kale, opanda bandi. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitukwana. Ndiye alamu akakuuzani kuti ulendo uliwonse umakhala wa moto, akunama pang'ono.

Palinso china chimene ndimaganiza kuti chimatikoka ife a kumudzi. M'nyimbo zawo zambiri za zaka za m'ma 2000 muli zamba zakale za marabi ndi kwela, ngakhale zovala zawo panthawiyo zinkakumbutsa Sophiatown, dera la ku Johannesburg, wa m'ma 1950. Kwela si mlendo kwathu. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela ndi gitala ndi chitoliro, ndipo ambiri tinakula tikumva kagundidwe kameneko pa wailesi ya MBC. Choncho Mmalawi akaima m'holo ya ku Johannesburg, chinenero cha nyimbo n'kukhala Chizulu kapena Chixhosa, miyendo yake imakhala ikudziwa kale popondera. Munthu amene wakhala sabata yonse akuyankha "yes boss" m'chinenero cha eni ake, kupeza malo oti thupi lake lisakhale mlendo si nkhani yaing'ono.

Komanso timakalamba nawo limodzi. Ndinayamba kuwaonera ndili mbeta, ndikugona chipinda chimodzi ndi anyamata anzanga atatu. Ulendo womaliza ndinasiya ana awiri ndi azakhali awo. Nyimbo imene poyamba ndinkangoivina pano imandikumbutsa anthu amene ndinavina nawo, ena anabwerera ku Malawi, wina tinamutumiza m'bokosi.

Tsono pa nkhani ya m'nyumba mwanu. Ngati matikitiwo akudya ndalama ya lendi kapena yotumiza kumudzi, mkwiyo wanu uli m'malo mwake, ndipo zonse ndanenazi sizikuwaombola alamu. Khalani pansi mugwirizane kuti pachaka azipita kangati. Koma m'kalata yanu ndaonamo kanthu kena: maulendo 6 onsewo simunatchule kuti munapitako nawo ngakhale kamodzi. Kaya sanakuitaneni, kaya munakana, simunanene. Ngati sanakuitaneni, pamenepo ndiye pofunika kufunsa bwino, osati pa nyimbo.

Pa tikiti agula ija, auzeni agule ina zikhale ziwiri. Mukakafika musakajambule. Mukayang'ane Theo pamene Nhlanhla akuimba yekha, muone chimene amachita ndi manja ake podikira kulowa. Mukatero mukachewukirenso alamu, muone nkhope yawo. Mukabwerako mundilembere.