Timagetsi ta NanoStation tikuyaka tonse, koma intaneti sikuwoloka

Funso: Ndinagula ma NanoStation M5 awiri, zipangizo zotumiza intaneti mumlengalenga popanda waya, kuti intaneti ya ku ofesi ifike kunyumba yosungiramo katundu, mtunda wa mamita 300. Ku ofesi kuli rauta ya Huawei. Timagetsi ta siginolo tikuyaka tonse tinayi uku ndi uku, koma laputopu ndikapita nayo kutsidyako ilibe intaneti. Ndikalemba 192.168.1.20 tsamba limatseguka mwa apo ndi apo. Kodi imodzi ndi yakufa?

Yankho: Palibe yakufa, achimwene. Vuto mwalitchula nokha. Ngati tsamba la 192.168.1.20 likutseguka, ndiye kuti laputopu yanu ikadali ndi adiresi imene munailembera pamanja pamene munkakonza zipangizozi, ya gulu la 192.168.1.x. Rauta za Huawei zambiri zimakhala pa 192.168.8.1, gulu lina. Laputopu ndi rautayo sizingamvane ngakhale siginolo itakwana chotani. Mukatha kukonza zipangizo ziwirizi monga ndikufotokozera pansipa, bwezerani laputopu pa DHCP, kutanthauza kuti rauta iipatse yokha adiresi. Anthu ambiri amene amandiitanira ntchito yotereyi amakhala ataiwala zomwezi.

Kutseguka kwa apo ndi apo kuli ndi gwero lake. NanoStation iliyonse imachoka kufakitale ili ndi 192.168.1.20, ndiye zanu ziwirizo zikulimbirana nambala imodzi, ndipo mukalowa simudziwa kuti mwalowa mu iti. Zimitsani imodzi, mukonze inayo payokha. Pa Network, Network Mode ikhale Bridge, osati Router. Ya ku ofesi ipatseni 192.168.8.2, ya kutsidya 192.168.8.3, gateway 192.168.8.1, malinga nambalazo zisakhale pakati pa zimene rauta imagawa. Pa Wireless, ya ku ofesi ndi Access Point, inayo Station, ndipo chongani WDS mbali zonse ziwiri. Chinsinsi cholowera cha kufakitale, ubnt, musinthe lero lomwe.

Tsopano ping, lamulo loyezera ngati chipangizo chikuyankha, chifukwa ine sindikwera padenga ndisanaichite. Khalani kutsidya kuja, tsegulani cmd (windo lolembamo malamulo la Windows), lembani ipconfig. Mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti laputopu yapempha adiresi koma palibe wayankha, choncho ilembereni 192.168.8.50, ndi gateway 192.168.8.1, kwa kanthawi kuti muyeze. Yambani ndi chapafupi: ping 192.168.8.3. Ikapanda kuyankha, za mumlengalenga zisiyeni kaye, vuto lili pa waya kapena pa kabokosi ka PoE (kopatsa NanoStation magetsi kudzera m'waya) pomwe mwakhalapo. Ikayankha, pitani pa 192.168.8.2. Apa ndiye mwawoloka mamita 300 aja, ndipo yankho liyenera kubwera m'ma millisecond ochepa. Likamadumphadumpha mpaka mazana, mwina pali wina pafupi amene ali pa tchanelo chomwecho. Kenako 192.168.8.1. Iyi ikakana pamene ziwiri zija zayankha, pitani ku ofesi mukaone waya wochoka pa dzenje la LAN la kabokosi ka PoE kupita ku rauta. Pomaliza 8.8.8.8, adiresi ya pa intaneti. Ikayankha koma masamba osatseguka, vuto ndi DNS basi, imene imasandutsa mayina a masamba kukhala ma adiresi. Ikakana, bandulo yatha kapena netiweki ya kampani yagwa, ndipo NanoStation ilibe mlandu. Muziwonjezera -t kumapeto kuti ping isaime, muisiye mphindi zingapo mukuyang'ana. Mayankho anayi okha amanamiza, makamaka waya akakhala woti amagwira n'kusiya.

Za waya zimandipweteka mtima. Munthu amagula chipangizo chabwino, kenako n'kukatenga waya wotchipa wa CCA, aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Mukapala kachingwe kamodzi ndi mpeni, mkati mumatuluka moyera. Chipangizochi chimalandira magetsi a 24V kudzera m'waya womwewo, ndipo pa aluminiyamu mphamvu imathera panjira, chipangizo n'kumazima ndi kuyaka chokha. Ena amayendetsa waya wa m'nyumba padzuwa ndi pamvula, chikamatha chaka khungu lasweka, madzi atsetsereka mpaka m'kabokosi. Onani pa tsamba la Main: likamanena 10Mbps m'malo mwa 100Mbps, dulani mitu yonse iwiri mumange ina. Zikapitirira, gulani waya wa panja wa mkuwa weniweni, wosapitirira mamita 100.

Pa mtunda waufupi ngati wanuwo tsitsaninso Output Power. Siginolo ikhale cha m'ma -55 dBm, isafike -35, poti pamenepo yachuluka mphamvu.