Kodi njinga ndiyinyamule ku Zomba? Yankho kwa achimwene a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achimwene ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti kuntchito akuwatumiza ku Zomba kwa masabata awiri mu Julayi muno, ali ndi mountain bike ya kaunjika yomwe amangozungulira nayo m'tauni Loweruka, ndiye akufunsa ngati n'zanzeru kuyinyamula, komanso kuti mlendo amazipeza bwanji njira zopalasamo poti pa Google Maps sakuonapo chogwirika.

Achimwene, inyamuleni basi. Mukaisiya mudzadziluma chala m'mawa woyamba womwewo mukadzangotsegula windo n'kuona chiphiri chija chitaima pamwamba pa tauni. Za mayendedwe musadandaule, mugwejule tayala lakutsogolo, magiya muwakulunge ndi chisanza kenako mugwirizane mtengo ndi kondakitala musanakweze, osati mutafika, mwandimva eti.

Ine ndinakulira ku Salima komwe mtunda ndi wathyathyathya, ndiye ulendo woyamba kukwera phiri la Zomba ndinkadziona ngati katswiri mpaka phirilo linandiphunzitsa ulemu. Msewu wochoka m'tauni kupita ku hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phirilo ndi wa tala koma ndi chitunda chokhachokha, umangokhota uku n'kukhota uko, mukukwera mamita opitirira 500 popanda pena poti miyendo ipumeko, ndipo ndinatsika kawiri n'kumakankha ana ena akundiseka. Palibe manyazi pamenepo. Mukafika pamwamba mupeza anyamata akugulitsa masitiroberi ndi mabulosi m'timbale, gulani, idyani, chifukwa kupalasa kwenikweni kukuyambira pomwepo pamene tala wathera.

Tsopano funso lanu la njira. Foni iwalani kaye. Pamwamba paja pali misewu yafumbi ya a zankhalango yambirimbiri yodutsa m'mapaini, ina inatsegulidwa pokadula mitengo ndipo pamapu palibe, ina pamapu ilipo koma inamera tchire kalekale. Odziwa njira zonsezo ndi azibambo otsitsa nkhuni ndi matabwa panjinga komanso amayi osenza mitolo, amenewo phirilo amaliyenda tsiku ndi tsiku. Ine njira yabwino kwambiri anandilozera ndi bambo ena omwe ndinawapeza atatsamiritsa njinga pamtengo akumanga nkhuni ndi malegeni, nkhuni zake zounjika kupitirira mutu wanga, pakeliyala anachita kuwotcherera zitsulo zowonjezera. Ndinapereka moni, tinacheza za kuzizira, kenako ndinafunsa kuti bambo, ku dzenje la Chingwe ndidzere kuti? Anandiyang'ana, anayang'ana njinga yanga, anafinya buleki yakumbuyo ndi dzanja limodzi n'kupukusa mutu. Akuti mwana wanga kupita upita koma pobwerera iyi ikutaya. Kenako anajambula njira pansi ndi kamtengo, apa ukhotere kumanzere pali mlatho wamatabwa, apa usalowe ndi kwa odula mitengo.

Ndipo sananame ayi. Potsika madzulo ake marabala a buleki anali atatha psiti, ndinkamva chitsulo chikukwecha limu, zala zitauma ndi kuzizira, moti theka la mtsetsewo ndinayenda wapansi. Choncho musanachoke ku Lilongwe sinthani marabala ndi makebulo, ena musunge m'thumba. Anthu amatangwanika ndi magiya, koma pa Zomba giya ikavuta umangokankha, buleki ikavuta ndi nkhani ya chipatala. Tengani chubu china, pampu, mapachi ndi solushoni, pamwamba paja palibe wokonza njinga pansi pa mtengo ngati kumsika. Helemeti musaiwale.

Malo oti mufike alipo ndithu. Yambani ndi damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa tauni ya Zomba, kenako mathithi a Williams, awa ndi apafupi ndipo tsiku loyamba akukwanirani. Tsiku lina mukazolowera mpweya pitani ku Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itabwera mu 1965, ndipo chapafupi pali Queen's View yomwe dzina lake linachokera kwa Queen Mother, mayi ake a mfumukazi Elizabeth ya ku Britain, amene anafika mu 1957. Kukakhala kowala mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje uko, tauni yonse ili pansi panu ngati timabokosi ta machesi, mpaka umamvetsa chifukwa chake atsamunda anaikonda Zomba n'kuisandutsa likulu, lomwe linadzasamukira kwanu ku Lilongwe mu 1975. Ku dzenje la Chingwe ndi kutaliko, mbali yoyang'ana kuchigwa cha Shire, msewu wake wamiyala ndithu, nyamukani m'mawa. Nkhani zoti ankaponyamo anthu kalekale muzimva konko, aliyense amafotokoza mwakemwake.

Potato Path yokha ndikukuletsani. Ndi kanjira kawapansi kolunjika kuchoka m'tauni kukwera phiri, kotsetsereka koopsa, ndipo mumadutsa anthu osenza katundu. Apa ndiye pali nkhani yomwe imandinyansa ndi ena a ife opalasa zosangalala, munthu wavala zothina ndi magalasi akutsika liwiro ngati njirayo anagula, pomwe kutsogolo kuli mayi wasenza mtolo wolemera sangathe n'kucheuka komwe. Inu mwabwera kudzachotsa mafuta m'thupi, iwo ali pantchito. Chepetsani liwiro patali, nenani zikomo mokweza, ndipo njinga ya nkhuni ikamatsika ipatseni mpata wonse chifukwa ikayamba kuthamanga siima msanga, ena amachita kuponda tayala ndi nkhwaira kuti ichepetse.

Za Julayi zomwe mwanenazo, ndi nyengo yabwino poti matope a dzinja amakhala atauma, koma ndi nthawinso ya chiperoni. Nsonga za phirili zimapitirira mamita 2,000 ndiye nkhungu ikagwa simuona ngakhale mtengo uli patsogolo panu, mphambano zonse zimafanana, netiweki nayo imabwera n'kumapita. Jekete muthumba, madzi okwanira, ndipo pamene mukugona muwauze komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mubwerere. Pofika 4 koloko muzikhala mukutsika, kumada msanga miyezi imeneyi. Ngati mukuona kuti mtima sukukhazikika kuyenda nokha, pa Ku Chawe pamakhala anyamata operekeza alendo, lipirani mmodzi tsiku loyamba akuonetseni mphambano zikuluzikulu, masiku enawo muzidziyendera.

Anyani mukumana nawo, nthochi musaike m'thumba lakumsana la jezi ngati mmene ndinachitira ine. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna ndimve ngati mlatho wamatabwa uja udakalipo.