Amalume, mupezereni V for Vendetta

Eee amalume mwaswera bwanji, ndamva funso lanu lija, mwati Chisomo za masupahiro zamukwana, pano akufuna komiki ya zandale ndiye mumugulire iti. Ine osazungulira, V for Vendetta basi. Analemba Alan Moore, zithunzi anajambula David Lloyd, inayamba kutuluka mu 1982 ku England m'magazini ya Warrior kenako a DC, kampani ya makomiki ya ku America, anadzaimalizitsa mu 1989, timabuku 10, koma masiku ano mumaipeza buku limodzi.

Nkhani yake ikuchitika ku England mu 1997, patapita zaka zingapo chichitikireni nkhondo ya nyukiliya, imene inasiya njala ndi mantha paliponse mpaka chipani cha Norsefire n'kutenga boma. Tsono tamverani mmene bomalo analikonzera, ngati thupi la munthu. Kuli Diso, amenewo ndi makamera m'misewu monse, kuli Khutu lomvetsera mafoni a anthu, Pakamwa ndi wailesi yongolankhula zimene mtsogoleri Adam Susan akufuna, ndiye pali Chala, apolisi achinsinsi aja ogwira anthu usiku. Munthu analemba zimenezi kulibe ndi WhatsApp yomwe amalume! Koma inu mukukumbuka pa 12 August 2021 tsiku la mavoti, WhatsApp ndi Facebook kungoti zii kuno ku Lusaka, tonse kuthamangira VPN kuti timve za agogo ku Chipata. Mwanayo akamawerenga sadzafuna womufotokozera.

Chimene chinandigwira mtima ine si kuphulitsa nyumba ya malamulo kuja ayi, kapena chigoba cha nkhope ya Guy Fawkes (munthu wakale amene anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ya England) chimene V, munthu wolimbana ndi bomalo m'nkhaniyi, amavala. Ndi pamene V walanda TV ya boma n'kuwauza anthu maso ndi maso kuti atsogoleri oipawa munawaika ndinu nomwe, bwenzi mutakana. Ndiye pali kalata ya Valerie, mkaidi amene analemba moyo wake pa tishu ya kuchimbudzi, Evey, mtsikana amene V anamupulumutsa kwa apolisi a Chala, akuiwerenga m'selo atamumeta mpala, iii pamenepo ndinayamba ndatseka kaye buku.

Koma ndikuuziretu, si ya tiana, muli kuphana, kuzunza akaidi, ndipo Valerie uja anamangidwa chifukwa chokondana ndi mkazi mnzake, ndiye muyambe mwaiwerenga inuyo kuti akabwera ndi mafunso mukambirane. Filimu yake iliko koma anasintha zambiri, asathamangire kumeneko. Musagule msanga, langa lilipo, ndibwera nalo ku Kabwata Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.