Midzi yake iti? Yankho kwa achemwali a pulojekiti ya chilala

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe amagwira ntchito ku kabungwe kakang'ono konkuno ku Lilongwe. Akuti apata ndalama za pulojekiti yothandiza alimi kuti azipirira ku chilala, koma ndalamazo zingokwanira midzi yochepa, ndiye akufunsa kuti midziyo asankhe bwanji poti paliponse anthu akulira. Achemwali, mwandikanda pachilonda, ndiye mundipirire, ndiyamba ndadandaula kaye.

Ine kwathu ndi kuseri kwa Mitundu uko, kutsidya kwa kamtsinje komwe mlatho wake ndi wamitengo, mvula ikangoyamba galimoto siwoloka mpaka April. Mu 2016, El Niño itawotcha chimanga chili pa ngaiyaye, a MVAC, komiti yomwe imafufuza za njala m'dziko muno, ananena kuti anthu 6.5 miliyoni afunika thandizo la chakudya, ndipo kwathu tinali momwemo. Chimanga chachithandizo chinafika ndithu, sindingakane. Koma njala itapita kunabwera mapulojekiti aja akuti tsopano tikonzekere chilala china, mbuzi zopatsirana, mapampu opalasa, mbewu yocha msanga, banki mkhonde, zonsezo zinathera m'midzi ya m'mbali mwa msewu waukulu. Mudzi wina zikwangwani za mabungwe zinachita kuthithikana ngati mashopu a pa Bwalo la Njobvu, pomwe kwathu olo chimodzi. Mayi anga ankawoloka mtsinje m'mamawa kukagwira ganyu m'madimba a anthu omwewo amene analandira mapampu, malipiro ake madeya. Sikuti anthu akumsewuwo anali olemera ayi, nawonso amavutika, koma anali ndi mwayi woti galimoto imafika pakhomo.

Kenako nane ndinadzagwirako ntchito ku bungwe lina, ndipo ndinaona ndi maso momwe mndandanda wa midzi umabadwira. Anthu amakhala mu holo ya hotela ku nyanja, alawansi ili m'thumba, mapu ali pakhoma, koma funso lomwe limamanga nkhani ndi lomwe amafunsa dalaivala: kodi kumeneko kumapitika? Ndiye pali nkhani ya madona, opereka ndalama za mapulojekiti aja, akabwera kudzayendera amafuna anyamuke ku Area 10 m'mawa, aone munda, ajambule zithunzi, amayi avine, abwerere dzuwa lisanalowe. Mudzi wa kutsidya kwa dambo umagwa pomwepo, palibenso amene amalemba mu lipoti kuti wagwa chifukwa cha matope.

Chinanso chomwe chimandinyansa ndi kusankha potengera dzina la boma basi. Ukangoti chilala aliyense pakamwa pali Nsanje, Chikwawa, Balaka. Zoona, kumeneko mvula ndi yochepa komanso kumatentha, palibe angatsutse. Koma mu March 2024 a Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, ndiye dzina la boma likuthandizani chani pamenepo? Mvula ya masiku ano imagwa mokondera, mudzi uwu kunyowa, winawo poyenda ola limodzi chimanga chikupota masamba. Dothi nalonso limasiyana, la mchenga sabata ziwiri zopanda mvula latha, la makande limagwirako madzi. Lilongwe yemweyu amene anthu amamutenga ngati nkhokwe ya dziko ali ndi midzi yomwe ufa umatha October.

Za mafumu ndisachedwepo. Kuwadumpha simungathe, malo ndi awo, koma musawasiyire cholembera. Tonse tinaona momwe midzi inaswanirana nthawi ya makuponi, fuko lililonse kufuna nyakwawa yakeyake kuti mayina achuluke.

Tsono apa ndi pomwe ndimakangana ndi anzanga, ndipo sindisintha. Pulojekiti yophunzitsa anthu kukhala ndi chilala si chimodzimodzi ndi kugawa chimanga. Gogo wosunga ana amasiye yemwe sangagwire khasu akufunika Mtukula Pakhomo, ndiyo ntchito yake, imayang'ana mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Inu zomwe mukubweretsa, kaya maenje odzalamo chimanga, akalozera, vetiva, manyowa, mthirira, zimafuna munda, manja ndi madzi. Kupereka pampu kumudzi komwe mtsinje umaphwa July ndi kutaya ndalama, kumeneko kukufunika mapira, chinangwa, mbatata, nandolo ndi mbuzi. Ndiye funso lisangokhala loti avutikitsitsa ndani, likhalenso loti zomwe tanyamulazi zikagwira kuti.

Komanso chonde, musatole mudzi umodzi uku wina uko kuti aliyense asangalale, a khansala apa, a MP apo. Madzi sadziwa malire a nyakwawa. Ngati akumtunda adula mitengo yonse ndipo sakumba ngalande zogwira madzi, akumunsi olo alimbikire bwanji nthaka ikokoloka basi. Ulimi wa mtayakhasu, uja wosaunga mizere, ndiye usanene, mlimi amayala mapesi bwinobwino m'munda, anthu akangokolola mbuzi ndi ng'ombe za mudzi woyandikana zimamasulidwa kudzadya, zotsalazo anyamata osaka mbewa ayatsa moto. Popanda mafumu oyandikana kugwirizana lamulo limodzi pa ziweto ndi moto, mlimi uja chaka chamawa abwerera ku mizere yake ndipo simungamunene. Bola midzi isanu yomwera mtsinje umodzi kusiyana ndi khumi yomwazikana boma lonse.

Ndiye mupange bwanji?

Yambirani ku khonsolo, mukaonekere ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe pa khonsolopo, ndipo mukafunse kuti ndi mabungwe ati ali kale kuti, komwe kuli zikwangwani zitatu inu musakawonjezere chachinayi. Mukatero tsikirani ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'deralo, komwe alangizi amasunga kawundula wa mvula ndi zokolola, muone zaka zingapo osati chaka chatha chokha, muonenso UBR, kawundula wa boma wa mabanja ndi kapezedwe kawo, ngati dera lanulo analemba. ADC ndi ma VDC, makomiti a chitukuko a m'dera ndi a m'midzi, akupatseni midzi yochulukirapo kuposa yomwe mukufuna, kenako mukaiyendere nokha, mu February pomwe njala ili pachimake ndi misewu ili phala, osati August. Amayi muwafunse paokha amuna ndi amfumu palibe: ufa umatha mwezi uti, mjigo kapena chitsime chimaphwa liti, ndi makomo angati omwe amapita ku ganyu nthawi yopalira m'malo molima kwawo. Mfundo zomwe mwasankhira muzilembe, mukaziwerenge pabwalo pamaso pa midzi yomwe yalowa ndi yomwe yatsala, apo ayi mphekesera zoti munadya za amfumu zikupezani musanafike mu tauni.

Ndipo musanasayine chilichonse, madona anuwo muwauziretu kuti midzi yakutali imadya mafuta ambiri. Mu bajeti muikemo njinga yamoto ndi ndalama yoti wogwira ntchito wanu azigona konko, chifukwa mukapanda kutero, miyezi ikangopitako dalaivala uja ndi amene adzakusankhireni midzi.